Chitenje chokha sichisandutsa makatuni kukhala athu

A Mkonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti tiikepo mlomo pa mkangano womwe wakula pakati pa okonda makatuni ndi magemu kuchokera mu 2023. Mu Julaye chaka chimenecho Disney+ idatulutsa Kizazi Moto: Generation Fire, mafilimu afupiafupi 10 opangidwa ndi aluso a ku Egypt, Kenya, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Patangotha masabata awiri Netflix nayo idabweretsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a mu Lusaka wam'tsogolo, yomwe adaiyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia. Mu Febuluwale 2024 kudabwera Iwájú ya kampani ya Kugali mogwirizana ndi Disney, yochitikira mu Lagos, ndipo mu Epulo gemu ya Tales of Kenzera: ZAU ya Abubakar Salim idatuluka, yomwe munthu angathe kuisewera akumva ampangankhani akuyankhula Chiswahili.

Okonda zinthuzi agawikana. Ena akuti tisachulutse gaga m'diwa, bola taonekako pa kanema, poti kale kunalibe n'komwe. Ena akuti zonsezi ndi nkhani za kutsidya kwa nyanja zongopaka utoto wathu. Ife tikuona kuti mbali ziwirizi zikugwiritsa ntchito muyeso umodzi, wa nkhope ndi zovala, ndipo muyeso umenewo ndi wopunduka. Dziko la m'nkhani limadziwika ndi malamulo ake: ndani amalamula pakhomo, ndani amalowa ufumu, mwezi uno anthu akudya chiyani, mwana amamuitana bwanji wamkulu. Wojambula angathe kuveka mpangankhani chitenje m'maola awiri. Malamulo aja ndiwo amafuna miyezi, ndipo ndi amene ambiri amawathawa.

Komwe tachokera n'kodziwika. Mu gemu ya Far Cry 2 ya 2008 wosewera amayenda m'dziko la mu Africa lopanda dzina, ndalama zake ndi miyala ya dayamondi, malungo amamugwira nthawi ndi nthawi mpaka apeze mapilisi, ndipo anthu wamba osanyamula mfuti sawaona kwenikweni. Gemu ya Resident Evil 5 ya 2009 idapeka dera lotchedwa Kijuju, n'kufika pomupatsa wosewera adani ovala zaudzu ogwira mikondo. The Lion King ya 1994 idatenga mayina a Chiswahili ndi nyimbo ya Chizulu n'kuziika m'dziko lopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Vuto losakaniza si la ku Africa kokha: Raya and the Last Dragon ya 2021 idadzudzulidwa kuti idathira miyambo ya mayiko angapo a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia mu mphika umodzi.

Zatsopanozi zapambana pamalo pomwe zidasankha dera limodzi n'kulimvera. Iwájú yaima pa kusiyana kwa anthu opeza bwino a pachilumba cha Lagos ndi a kumtunda, ndiye ubwenzi wa Tola, mtsikana wa pachilumbapo, ndi Kole, mnyamata wa kumtunda, uli ndi cholemetsa chenicheni; ngakhale loboti yomulondera Tola ili ndi thupi la buluzi yemwe aliyense wa kumeneko amamudziwa. Mu Supa Team 4 ntchito yopulumutsa dziko imachitika ndi ndalama zoperewera, nthabwala yomwe wa ku Lusaka kapena ku Lilongwe safunika kumumasulira. Mukudzei, ya ku Zimbabwe mu Kizazi Moto, imafunsa funso limodzi lomveka: dziko la Great Zimbabwe likadaoneka bwanji atsamunda akadapanda kubwera?

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa achinyamata ambiri ayamba kujambula ndipo zolakwika zomwezo zikubwera ndi manja athu omwe. Nkhani yomwe aliyense amathamangira ndi iyi: mfumu yaphedwa, mwana wake wamwamuna wathawa, wakula, wabwerera kudzatenga mpando wa bambo ake. Mukaiika m'mudzi wa Achewa nkhaniyi imagwa isanayambe. Ufumu umadutsira kuchikazi. Wolowa amachokera ku mbumba, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi akuluakulu a m'banjamo amakhala ndi mawu pa kusankhako. Mwana wobereka mfumuyo ndi wa kwa amayi ake. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga ankatuluka mu mbumba ya Nyangu, mkazi wake wamkulu ankatchedwa Mwali ndipo anali wa mfunda wa Banda, pomwe za mvula zinali m'manja mwa Makewana ku Msinja. Wopanga gemu ya ndale ndi nkhondo wapatsidwa kale mipando itatu kapena inayi yamphamvu yomwe iyenera kumvana, apo ayi mvula ndi ufumu zonse zisokonekera. Palibe chifukwa chobwerekera nyumba yachifumu ya kwina.

Ndipo kusamvana kokoma kuli pomwepo, sikufuna kupeka. Bambo ali pachikamwini, wamanga nyumba pamalo a akazi ake, amawakonda ana, koma za ukwati wa mwana ndi milandu yake amaweruza ndi atsibweni ake. Mwana uja mtima uli kwa bambo, mfunda wa mphamvu uli kwa amalume. Nkhani yotere imatha kudzaza magawo khumi osatopetsa. Koma muikasamutsira ku Mzimba kapena ku Nsanje, komwe mwambo wa kuchimuna ndi malowolo uli wolimba, iyenera kulembedwanso kuyambira pansi. N'chifukwa chake tsamba loyamba la buku la dziko, lomwe gulu lililonse liyenera kulemba lisanagwire pensulo, lizinena boma, mudzi kapena tauni, ndi chaka. Masamba 10 mpaka 15 akwana: ubale, zakudya, ndalama ndi malonda, zikhulupiriro, ndi zinthu zomwe m'dziko limenelo sizingachitike zivute zitani.

M'bukumo mukhale kalendala. Zithunzi zakumbuyo n'zomwe zimaulula msanga kuti wojambula adakopera pa intaneti. Mlambe umakonda malo otsika ndi otentha, ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja; mukauimika pamwamba pa Nyika mwanama. M'chilimwe umakhala mbulanda. Msangu umachita zosiyana ndi anzake, umayoyola masamba m'dzinja n'kukhala wobiriwira m'chilimwe, ndiye mlimi akauona uli ndi masamba pakati pa chimanga chomasula adziwa kuti wojambulayo sanapondeko kumunda. Ngumbi zimauluka ndi mvula zoyamba. Mbewa zimakumbidwa anthu atakolola. Mango sapsa mu Juni. Kumwamba kwa Seputembala ndi Okutobala kumakhala kotuwa ndi utsi wa tchire, osati kobiriwira ngati kwa Meyi. Chiperoni ndi cha m'miyezi yozizira, ndipo mwera ukawomba asodzi sachita chibwana ndi nyanja. Nkhokwe yodzaza mu Febuluwale ndi nkhani payokha, owonera afunsa kuti banjali lalemera bwanji. Njira yake ndi yosavuta: gawo lililonse la filimu lilembedwe mwezi wake pamwamba, ndipo ojambula zakumbuyo akhale ndi mitundu itatu ya utoto, wa dzinja, wa masika ndi wa chilimwe.

Thupi nalo lili ndi chiyankhulo. Kayendedwe komwe mabuku ophunzitsa makatuni amayambira nako kamatenga mafulemu (tizithunzi totsatizana tomwe timapanga kanema) 24 pa mapazi awiri, mutu ukukwera ndi kutsika. Mukakapereka kwa mayi wosenza ndowa ya malita 20 pa nkhata, madzi onse atayika m'maso mwa owonera. Mutu wake umayenda mzere umodzi, khosi lili nji, chiuno ndicho chimameza kugwedezeka, mapazi ndi afupiafupi, ndipo akafuna kuyang'ana kumbali amatembenuza maso kapena thupi lonse. Chitenje chimavutitsa mwa njira ina. Pa makatuni a 3D miyendo imaboola nsalu chifukwa mafupa a pakompyuta omwe amayendetsa thupi adapangidwira munthu wa buluku. Kukonza kwake n'kufupikitsa phazi, kupatsa nsaluyo mizere yakeyake ya mafupa kuzungulira chiuno, ndi kupanga padera kakhalidwe ka pamphasa miyendo itawongoka, komwe ndi pomwe nsalu imasokonekera kwambiri. Pa nsima, chonde, siitakasidwa ngati tiyi. Pali phala loyamba, liwire, ufa uthiridwe pang'onopang'ono, mthiko ukanikize nsima kukhoma la mphika dzanja lina litagwira mphikawo ndi kansanza, kenako chipande choviika m'madzi chiomole mitanda. Jambulani munthu weniweni ndi foni, kutsogolo ndi kumbali, musanajambule wa katuni. Izi sizidya ndalama.

Pomwe tikufuna kukhalitsa ndi pa chiyankhulo, chifukwa apa ndi pomwe ntchito zabwino zimafera. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 idajambulidwa ku Malawi ndipo idalimba mtima kugwiritsa ntchito Chichewa, koma osewera ake akuluakulu angapo adachita kuchiphunzira, ndipo khutu la mwini chiyankhulo limamva. Filimu ya anthu enieni ingadzikhululukire kuti inkafuna nkhope zodziwika kunja. Makatuni ndi magemu alibe chowiringula chimenecho, poti nkhope ndi yojambula ndipo chofunika ndi mawu okha. Chichewa chimakweza ndi kutsitsa liwu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi koma samveka chimodzimodzi. Chimakokanso phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo. Wosabadwa nacho amakoka polakwika, ndipo chiganizo chimamveka ngati galimoto yosintha giya pamtsetse. Komanso musankhe: Chichewa cha ku Dowa, cha ku Ndirande ndi Chinyanja cha ku Lusaka n'zosiyana, ndipo mpangankhani mmodzi asayankhule zitatu zonse.

Kamwa ya katuni simajambulidwa pa lembo lililonse. Pa Chichewa maonekedwe 8 akwana: asanu a malembo a liwu, a, e, i, o, u, amodzi a milomo yotsekeka pa m, b ndi p, amodzi a mano pa mlomo wapansi pa f ndi v, ndi amodzi a kamwa yopuma. Chofunika kukumbukira n'chakuti mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndiye kamwa imamaliza ili yotseguka. Mawu ambiri a Chingerezi amathera potseka. Mukajambula kamwa motsatira Chingerezi n'kudzaikamo Chichewa pambuyo pake, mpangankhani amatseka pakamwa liwu lidakali kutuluka. Kutalika nakonso sikugwirizana: stop ndi phatikizo limodzi, imani ndi atatu. Omasulira amayamba kudula ulemu kuti mawu akwane, moni yense n'kusanduka "bho", ndipo agogo a m'nkhani amayankhula ngati kondakitala wa minibasi. Lembani m'Chichewa, jambulani mawu m'Chichewa, kamwa itsatire Chichewa, Chingerezi ndicho chidzavutike kukwanamo.

M'magemu mavuto ake ndi obisika kwambiri. Chingerezi chili ndi mawu amodzi oitanira aliyense, ndiye wolemba pulogalamu amasunga chiganizo chimodzi chomwe wosewera anganene kwa mwana, kwa mnzake ndi kwa mfumu. Kwathu pali iwe ndi inu. Mpangankhani aliyense ayenera kukhala ndi chizindikiro m'pulogalamu chonena ngati ndi woyenera ulemu kwa woyankhulayo, ndipo chiganizo chilichonse chogawana chilembedwe kawiri. Mwana akangonena "iwe" kwa agogo ake mwangozi, dziko lonse lomwe mwamanga kwa chaka lagwa. Chachiwiri ndi magulu a mayina. Opanga magemu amakonda chiganizo chokhala ndi mpata woikamo dzina la chinthu, kuti chigwire ntchito pa zinthu zonse. Yesani m'Chichewa: mpeni wathyoka, khasu lathyoka, chikwanje chathyoka, nkhwangwa yathyoka, mikondo yathyoka, makasu athyoka. Kuwerenganso chimodzimodzi: nkhuku ziwiri, mabuku awiri, mipeni iwiri, tiana tiwiri. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kusunga gulu la dzina lililonse pamodzi ndi dzinalo, pulogalamu izisankha yokha mgwirizanitsi woyenera. Iyi ndi yabwino ngati zinthu zapitirira 30. Yachiwiri ndi kulemba chiganizo chathunthu pa chinthu chilichonse, yotopetsa koma yosalakwa. Pa thumba la katundu ingolembani dzina ndi nambala, monga nkhuku 2, mwathana nazo.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe timaoneka tsiku lomaliza. Kankhodolero ka mu ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona ndi chizindikiro chomwe ziyankhulo zambiri za pakompyuta zimatsekera nacho mawu, ndiye kakapanda kutetezedwa gemu imakana kuyaka kapena imadula mawu pakati. Lembo la ŵ mulibe m'mafonti (mitundu ya kalembedwe ka pakompyuta) ambiri okongola, m'malo mwake mumatuluka kabokosi. Yesani fonti ndi mawu awa musanaikonde. Mabatani nawo: play ili ndi malembo 4, sewerani ali ndi 8. Siyani malo owonjezera pafupifupi theka kuyambira pojambula, osadikira kuti mawu asefukire.

Za khungu ndi tsitsi tidutsa msanga, chifukwa okonda magemu adazifotokoza kale mokwanira. Njira zowerengera kuwala pa khungu zomwe zidafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zidalimbikira kuwala kolowa m'khungu n'kutulukanso, komwe kumaonekera kwambiri pa khungu loyera. Theodore Kim wa ku yunivesite ya Yale, yemwe adagwirapo ntchito ku kampani ya makatuni ya Pixar, walemba zambiri za kukondera kumeneku. Khungu lakuda limaoneka bwino ndi kunyezimira kwa pamwamba. Mukangodetsa utoto osasintha kawalitsidwe, munthu amatuwa ngati wadzola phulusa, ndipo usiku amasowa n'kutsala maso ndi mano. Perekani nyali yaikulu yofewa kutsogolo, ina kumbuyo yolemba m'mphepete mwa mutu ndi mapewa, ndipo yesani chithunzicho pa foni yotsika mtengo masana panja. Pixar idaitana katswiri wojambula mafilimu Bradford Young kudzathandiza pa kuwala mu Soul ya 2020. Pa tsitsi, okonda magemu adatopa ndi madiredi ogwera mbali imodzi omwe adatchuka ndi Killmonger wa mu filimu ya Black Panther mu 2018, kenako n'kuonekanso pa Miles Morales mu gemu ya Spider-Man 2 mu 2023 ndi Eddy Gordo mu Tekken 8 mu 2024. Buku laulere la Code My Crown la 2023 limaonetsa kapangidwe ka tsitsi lopotana pa 3D. Komatu mwana wa pulayimale wa kwathu nthawi zambiri ndi wometa, ndipo amayi ambiri kumunda ali ndi duku. Zonsezi n'zotsika mtengo kujambula kuposa madiredi.

Tifike pa nkhani yomwe imatenthetsa mitu. Aliyense wofuna kuti ntchito yake ioneke yachimalawi amathamangira Gule Wamkulu, ndipo n'zomveka, chifukwa palibe chokopa maso choposa Kasiyamaliro akulowa m'bwalo fumbi lili koboo. UNESCO idauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Koma kuzindikiridwako sikutanthauza kuti ndi wa aliyense wotola. Gule ali ndi eni ake, ali ndi mizinda yake, ndipo pabwalo amanenedwa kuti ndi zilombo zochokera kumanda. Pali zinthu zomwe gemu imachita mwachibadwa zomwe apa n'zosaloledwa: kulola wosewera kuvala ndi kuvula, kugulitsa maonekedwe a gule ngati chovala cha m'sitolo ya gemu, kumuika ngati mdani woti amenyedwe kuti pagwe ndalama, ndi kulowetsa kamera ku dambwe. Chilichonse mwa izi chikhoza kukwiyitsa anthu omwe mumati mukuwalemekeza. Chitsanzo chilipo: mu 2016 Disney idachotsa pamsika chovala cha ana cha Maui wa mu Moana, chomwe chinali khungu lofiirira lokhala ndi mphini zake, anthu a kuzilumba za Pacific atadandaula.

Chochita n'kugawa zinthu patatu musanajambule chilichonse: zomwe aliyense amaona pabwalo, zomwe zifuna chilolezo, ndi zomwe sizionetsedwa ngakhale mutapempha. Mndandanda umenewu musaulembe nokha. Ukhale wogwirizana ndi mfumu ya mzinda ndi akuluakulu ake, ndipo a Chewa Heritage Foundation angakulozereni khomo logogoda. Ku Mua, m'boma la Dedza, nyumba ya Chamare ya ku Kungoni ili ndi nkhope za gule zoposa 400 pamodzi ndi matanthauzo ake. Mukapitako mudzaona kuti gule aliyense ali ndi phunzo lake, ena amaseka khalidwe loipa, ena monga Simoni ndi Maliya adabadwa poyang'ana alendo, ndiye kumutenga chifukwa choti akuoopsa n'kusiya chomwe amanena ndi kuwononga. Ngati nkhani yanu ingofuna chinthu choopsa cha m'nkhalango, pekani chanu, muchipatse dzina lake ndi malamulo ake. Ena mwa okonda magemu anena kuti tikumanga manja aluso. Mwina. Koma malire amenewa amabala luso lawo: gule woonekera patali madzulo, kudzera m'maso mwa mwana wobisala kuseri kwa amayi ake oimba, amagwira mtima kuposa woyandikira kamera mpaka kuwerenga nthenga.

Kufunsa eni kuli ndi kachitidwe kake, ndipo kumasiyana ndi kuwaitana kumapeto kuti adzawombe m'manja. Gemu ya Never Alone ya 2014 idayambitsidwa ndi bungwe la eni nthaka a ku Alaska la Cook Inlet Tribal Council, lomwe lidali ndi gawo pa umwini wake. Akuluakulu, okamba nthano ndi anthu ena a Iñupiat pafupifupi 40 adatengapo mbali, nkhani imakambidwa m'chiyankhulo chawo, ndipo wosewera akamapita patsogolo amatsekula timakanema ta anthu enieni akufotokoza zomwe wangoona. Pa Frozen 2 ya 2019 Disney idasainirana pangano ndi atsogoleri a anthu a Sámi a kumpoto kwa Ulaya, ndipo filimuyo idatulukanso m'chiyankhulo chawo. Kwathu, pangano lolembedwa linene kuti wofunsidwa alipidwa zingati, dzina lake lilembedwa pati, ndipo ali ndi mphamvu yokana chiyani. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lili ndi gawo lokhudza zaluso zamakolo, choncho wofuna kugulitsa ntchito yochokera ku nthano kapena magule afike ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, asanasaine ndi kampani yakunja.

Nthano zathu zidabwera kale ndi kapangidwe ka gemu, kungoti sitiziyang'ana motero. Wokamba akati "Padangotero", omvera amayankha "Tili tonse", ndipo akasiya kuyankha nthano imaima. Nyimbo imabwera katatu kapena kanayi, nthawi iliyonse zinthu zitaipirako pang'ono. Tengani Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi yemwe sayenera kunyowa. Lamulo la gemu ndi limodzi: mvula ikakupeza panja wasungunuka. Chokopa ndi anzako omwe akusewera kutali ndi nyumba, ndipo zosangalatsa zimachuluka ukamatalikira. Simufunika kaloza wa nthawi pakona ya sikirini. Mitambo ndiyo wotchi, ndipo nyimbo ya amayi yokuitana ndiyo muyeso wa mtunda, imamveka bwino pafupi n'kumazilala ukamapita kutali. Madontho oyamba azichepetsa liwiro la miyendo, kuti wosewera amve m'zala kuti thupi likufewa. Tsiku loyamba mvula ichenjeze kwa masekondi 60, lachiwiri 40, lachitatu 25, uku malo osewerera akunka natalikira. Pobisala pakhale pochepa: pansi pa nkhokwe, m'phanga la mlambe ngati nkhani ili kuchigwa.

Okonda nkhani amakangana ngati mathero achisoni a nthano ngati imeneyi ayenera kusinthidwa kuti ana asalire. Ife tikuti asasinthidwe. Gemu yomwe Kamdothi amapeza ambulera yamatsenga pamapeto yataya chifukwa chomwe agogo ankaikambira. Chomwe mungapatse wosewera ndi kusankha kuti tsiku lomalizalo alithera bwanji komanso ndi yani. Ndipo ikhale gemu yaing'ono, yosafuna intaneti ikatsitsidwa, yosapitirira mamegabayiti 100, yoyesedwa pa foni ya RAM ya 2GB, chifukwa ndiyo ili m'manja mwa ana omwe mukuwafuna. Pulogalamu yopangira magemu ya Godot ndi yaulere ndipo ikwanitsa.

Chomaliza ndi dongosolo la ntchito, poti zonse tanenazi zimatsika mtengo kapena kukwera malinga ndi nthawi yomwe mwazigwira. Sekondi imodzi ya kanema ili ndi mafulemu 24. Gawo la mphindi 11 lili ndi mafulemu 15,840, ndipo ngakhale mutajambula chithunzi chimodzi pa mafulemu awiri aliwonse, monga ambiri amachitira, ndi zithunzi 7,920. Wojambula womaliza masekondi 4 patsiku afunika masiku 165 ogwira ntchito. Zipangizo si vuto ngati kale: Blender, Krita ndi OpenToonz n'zaulere, ndipo filimu ya Flow ya ku Latvia, yopangidwa ndi Blender, idapata Oscar mu 2025. Chodula ndi nthawi ya anthu, choncho cholakwika chopezeka zithunzi zitapakidwa kale utoto chimadya masabata.

Yambani ndi buku la dziko, kenako zolemba, kenako mawu. Mawu ajambulidwe mu WAV pa 48 kHz, maikolofoni ili masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, m'chipinda chopachikidwa mabulangete. Pansi pa malata m'dzinja musayese n'komwe, ndipo mawu otumizirana pa WhatsApp amafika atafinyidwa, sakonzeka. Osewera ajambulidwe ali limodzi, chifukwa kucheza kwathu kuli ndi "eee", "etii" ndi "ayi ndithu" olowererana, omwe amafa aliyense akajambulidwa payekha. Mukatero jambulani storyboard, ndiye ndondomeko ya zithunzi za pensulo zosonyeza nkhani yonse, muilumikize ndi mawu aja kuti ikhale animatic, ndiye kanema wa zithunzi zosayenda wokhala ndi kutalika kwenikweni kwa filimu.

Animatic imeneyo ionetseni magulu awiri padera, ana pafupifupi 10 ndi akuluakulu angapo a dera lomwe nkhani ikuchitikira, pa sipika ya foni, inu osafotokoza kanthu. Lembani mphindi yomwe ana ayamba kuyang'ana kumbali, ndipo pamapeto mwana mmodzi akambenso nkhaniyo. Chomwe wasiya ndicho sichinamveke. Akuluakulu akaseka pamalo pomwe simunaike nthabwala, imitsani pomwepo muwafunse chomwe aona. Kawirikawiri limakhala dzanja lamanzere m'mbale ya nsima, mkamwini wokhala mpando umodzi ndi apongozi ake aakazi, kapena mwana wolandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi ali chiimire. Pa animatic, kukonza zimenezi n'kufufuta zithunzi ziwiri za pensulo.

Ndife,
Okonda makatuni ndi magemu,
Lilongwe